Tilembe chiyani pa chiliza cha amayi?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Amayi athu anatisiya chaka chatha, ndipo mvula ikangotha tikufuna kukamanga chiliza kwathu ku Mulanje. Achimwene akuti tingolembapo dzina, masiku ndi vesi, basi. Ine mtima ukukana. Amayi amenewa analera ana 5 ndi adzukulu 7 ndi ndalama za mandasi ndi kuthyola tiyi, koma Lachinayi ku Mvano osajomba. Mwana wa mnansi akawapeza akuomola nsima, sankabwerera ndi njala.

Inu amene munadutsamo, munatani? Mbiri yawo munaiwerengera kumanda kapena kunyumba? Nanga adzukulu amaloledwa kulankhula, kapena ndi akuluakulu a banja okha? Mwana wanga woyamba, amene anakulira kumsana kwawo, akufunitsitsa kunenapo mawu.