Njinga yamoto yanga yatsakamira ku Chipata, msonkho wandizunguza mutu

Membala wobisa dzina: Abale anga pagulu pano ndithandizeni maganizo, tulo sindikutiona. Ndine wa ku Mchinji, cha kwa Kamwendo. Chaka chino soya ndi mtedza ndinakolola bwino ndithu, ngakhale mavenda anatidyera masuku pamutu ndi masikelo awo aja. Kuyambira ndili mnyamata ndakhala ndikulakalaka njinga yamoto yosiyana ndi za anthu onse, ya mahandulo ataliatali, tayala lakumbuyo lonenepa, mpando wotsika. Ndinaipeza kwa makanika wina ku Chipata m'dziko la Zambia, anachita kuikonza yekha, thanki yofiira kwinako kwakuda. Ndinapereka ndalama zokwana K5 miliyoni za kwathu kuno, zina ndinatenga kubanki m'khonde ya mayi akunyumba.

Tsopano ejenti wa za msonkho wa paboda amene anandipezera mlamu wanga akuti ndikonze pafupifupi K3 miliyoni kuti ilowe. Mlamu yemweyu ndi amene anabwereka ngolo yanga chaka chatha n'kubweza yothyoka, mpaka lero osapepesa. Mayi akunyumba sakundiyankhula, akuti ndalamazi tikanagula malata. Apongozi nawo amva kale, sindikudziwa anawauza ndani. Kodi msonkho umenewu ndi woona kapena akufuna kundibera? Nanga pali njira yoti utsike?

Wakabaza pa Boma: ACHIMWENE MWAONONGA NDALAMA. K5 miliyoni njinga yongodzionetsera? Mukanagula Boxer kapena Lifo bwenzi pano ikukubweretserani ndalama tsiku ndi tsiku. Mpando wotsikawo munyamulapo thumba la feteleza? Msewu wa ku Mkanda nthawi ya dzinja muuyenda ndi chimenecho?

Mayi wageni ku Kapiri: Ine ndikumvera chisoni mayi akunyumbawo. Pagulu lawo akamafuna ndalama adzalanda ziwiya za iwowo, osati njinga yanu. Kapepeseni kaye bambo, za msonkhozi pambuyo.

Kalaliki wopuma: Akulu, injini yake ndi yaikulu bwanji, ya cc zingati, nanga inapangidwa chaka chiti? Mapepala a ku Zambia ali m'dzina la ndani? Popanda zimenezi palibe angakuuzeni ngati K3 miliyoniyo ndi yoona.

Wakabaza pa Boma: Kaya cc zingati, kuononga n'kuononga basi. Ine njinga yanga yoyamba ndinagula ya ngongole, inadzibweza yokha, pano ndili ndi ziwiri. Anthu a masiku ano mukufuna kutchuka pa Facebook m'mimba muli gwaa.

Mnyamata wa ku Waliranji: Bwana mukadzailowetsa mudzandikwezeko, mpaka pa Namitete pokha, atsikana andione 😂😂

Dalaivala wa mathiraki: Vuto si njinga, vuto ndi kwacha. Mtengo wa katundu wochokera kunja amausintha kukhala makwacha asanawerengere msonkho, ndiye kwacha ikagwa msonkho umakwera nawo. Mu Novembala 2023 itagwa ndi 44 peresenti ine ndinali nditaitanitsa kagalimoto ku Japan, kali panyanja kulowera ku Dar es Salaam. Ndalama ndinasunga zija zinasanduka zoperewera, ndinagulitsa ng'ombe ziwiri kuti kadutse pa Songwe. Mpaka lero mtima umandiwawa.

Wakabaza pa Boma: Inunso a dalaivala munalakwitsa. Galimoto yachiyani mafuta akuvuta chonchi?

Dalaivala wa mathiraki: Mkulu, ng'ombe zinali zanga. Inu chipewa choteteza mutu cha pasenjala muli nacho? Laisensi muli nayo? Tiyambire pamenepo.

Wakabaza pa Boma: NDILI NAZO ZONSE, bwerani pa siteji mudzaone, nambala yanga ya MC yowala bwinobwino. Musatiike tonse m'thumba limodzi.

Kalaliki wopuma: Tibwerere kwa mwini funso. Msonkho si umodzi, n'chifukwa chake umaoneka wolemera. A bungwe lotolera misonkho la MRA amayamba ndi mtengo wa katunduyo, kuphatikiza zonyamulira ndi inshulansi. Pamenepo amaika msonkho wolowetsera katundu, kenako msonkho wapadera wa excise ngati katunduyo ali m'gulu lolipira, ndipo VAT imabwera pamwamba pa zonsezo. Akaona kuti mtengo wa pa risiti sukugwirizana ndi katundu amatha kuika mtengo wawo. Ejentiyo muuzeni akulembereni papepala, msonkho uliwonse pawokha, malipiro akenso pawokha. Pepalalo mupite nalo nokha pa boda ya Mwami mukafunse, si kutali. Chitsegulireni nyumba yatsopano ija mu Disembala 2022 maofesi a mayiko awiriwa ali pamodzi. Ndikubwerezanso, cc zingati?

Wobisa dzina wina: Achimwene musavutike, njira zachidule zilipo zambirimbiri, anyamata amaidutsitsa m'mamawa ndi ndalama yochepa.

Mayi wageni ku Kapiri: Musamunamize mnzanu inu. Mwana wa achemwali anga anachita zomwezo, anaikwera miyezi itatu akubisalabisala, tsiku lina anakumana nazo pamsewu, njinga inapita. Analira ngati pamaliro. Opanda pepala la msonkho nambala simungapeze, inshulansi simungadule, ngakhale kugulitsa amakugula motchipa ngati yakuba.

Mlimi wa fodya ku Kasungu: Koma kunena zoona misonkho yatikwana. Kugula feteleza movutikira, kugulitsa fodya akudula, munthu ukati udzisangalatse pang'ono akudulanso. Mnzathuyu wakhetsa thukuta lake, asagule chimene mtima wake wafuna? Musiyeni munthu.

Wakabaza pa Boma: Chimene mtima wafuna nyumba ikudontha? Mvula ikagwa akafunde thanki yofiirayo.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Nyumba siikudontha ayi, udzu tinafolera chaka chatha chomwechi, mlamu wanga yemwe uja sanabwere n'komwe kudzathandiza. Inu akabaza musandinyoze, sindinakupempheni ndalama. Makanikayo ndi munthu wabwino, wopemphera, anandilandira kunyumba kwake ndinadya nsima. Anachita kuwotcherera yekha fulemu yonse, ntchito yooneka bwino kwambiri. Ejenti akuti ndimupatseko theka mawa kuti ayambepo.

Kalaliki wopuma: Dikirani kaye akulu. Wawotcherera yekha fulemu? Ndiye nambala ya chassis, yodindidwa pa fulemupo, ilipo? Polembetsa ku Road Traffic amafuna nambala ya chassis ndi ya injini zogwirizana ndi mapepala, apolisinso amaziona kuti atsimikize kuti si yakuba. Ngati anaidula powotcherera, mutha kulipira msonkho wonse njinga osalembetseka. Mawa musapereke kanthu kwa ejenti. Muimbireni makanikayo ajambule manambala awiriwo ndi buku la njingayo akutumizireni pa WhatsApp.

Mnyamata wa ku Waliranji: Ikakanika kulowa muzikaikwera konko ku Chipata Loweruka lililonse, pobwera pa minibasi 😂

Wakabaza pa Boma: NDINANENA INE. Gulitsani konko mugule Boxer, ndikupezerani mnyamata wokhulupirika woyendetsa.

Dalaivala wa mathiraki: Wokhulupirika wake uti, inu akabaza mumabweza njinga itatha matayala.

Membala wobisa dzina: A kalaliki, buku lake liti? Anandipatsa risiti yolemba pamanja yokha.