Mphaka wachilendo wakhazikika pakhonde panga, mwini wake ndimupeza bwanji?

Nachisale:

Abale, ndithandizeni nzeru. Lero ndi tsiku lachinayi mphaka wina wakuda, wa banga loyera pachifuwa, akugona pakhonde panga. Alibe lamba m'khosi. Akandiona amalira mchira ataukweza, ndipo amalola kumusisita kumutu, koma ndikati ndimunyamule amathawira kunsi kwa galimoto. Ndi woonda, nthiti zikumveka ndi dzanja, ndipo kuseri kwa khutu limodzi ubweya wathothoka. M'nyumba ndili kale ndi mphaka wanga. Uyuyu ndimulowetse kapena akhale panja? Nanga mwini wake ndiyambire pati kumufunafuna?

Mbewe:

Mayi Nachisale, mwachita bwino kufunsa musanapite naye kwina. Ambiri amalakwitsa pomwepa: amanyamula mphaka n'kukamusiya kutali, chonsecho kwawo kuli nyumba yachitatu kuchokera pomwe anamutola. Kafukufuku wa mu 2018 wokhudza amphaka osowa oposa 1,200 anaonetsa kuti atatu mwa anayi alionse omwe anapezeka anali asanapitirire mamita 500 kuchokera pomwe anasowera. Ndiye maso anu ayambe ndi oyandikana nawo.

Poyamba dziwani kuti mwalandira mphaka wa mtundu wanji. Wapafupi wongoyendayenda amakhala wonenepa, ubweya wosalala, amadya n'kumapita. Wobadwira panja, yemwe sanaleredwepo ndi munthu, salira akaona munthu, amanyang'ama mimba ili pansi, satulukatuluka masana, ndipo nthawi zambiri ubweya wake umakhala waukhondo chifukwa moyo wapanja anauzolowera. Wosochera ndiye amauma thupi n'kuda ndi litsiro, chifukwa sadziwa kudzisakira, ndipo amakakamira pakhomo pa munthu. Wanuyo, mmene mwafotokozeramu, ndi wosochera. Komabe yang'anani makutu. Ngati nsonga ya khutu limodzi, kawirikawiri lakumanzere, inadulidwa mowongoka pafupifupi sentimita imodzi, ndi chizindikiro choti ndi mphaka wapanja yemwe anagwidwa, n'kutsekedwa kuti asabereke, n'kubwezedwa pamalo pake. Khutu long'ambika pa ndewu limakhala lamanomano, siliwongoka choncho.

Kenako mumangeni lamba wa pepala. Dulani pepala wamba mulifupi masentimita awiri, mulitali lokwana kuzungulira khosi. Lembanipo ndi cholembera chosafufutika kuti: "Ngati mphakayu ndi wanu, imbani nambala iyi." Pomuveka, zala ziwiri zizilowa pakati pa pepala ndi khosi. Selotepi muike polumikizira pokha. Mukamata pepala lonse silingang'ambike, ndipo likakola pa waya kapena pa nthambi mphaka akhoza kupotoka khosi. Chingwe, ulusi ndi labala musayerekeze n'komwe. Ngati ali ndi kwawo komwe amabwerera, foni imalira pasanathe masiku awiri kapena atatu. Pepala likagwa, mangani lina.

Musadikire pepala lokha. Yendani khomo ndi khomo, chithunzi chili m'foni, nyumba zonse za mbali zinayi, kuphatikizapo za kuseri kwa mpanda wanu zomwe zimayang'ana msewu wina, poti mphaka sayenda motsata msewu. Funsaninso ngati pali amene wasamukira m'deralo kumene kapena wachokamo posachedwa. Amphaka ambiri amasowa pa nthawi ya msamuko.

Nangondo:

Ndiwonjezere pa zomwe anena a Mbewe. Kupanda lamba sikutanthauza kuti alibe chizindikiro. Mwina ali ndi microchip, kachipangizo kotalika pafupifupi mamilimita 12, ngati njere ya mpunga, komwe amakabaya pansi pa khungu pakati pa mapewa, ndipo m'maiko ena a ku Ulaya kumanzere kwa khosi. Kalibe batire ndipo sikalondola komwe mphaka ali. Kamangosunga nambala, nthawi zambiri ya manambala 15, yomwe imaoneka pa makina owerengera akayandikitsidwa pathupi. Madokotala a ziweto ndi malo osungirako nyama zosowa pokhala ndi omwe amakhala ndi makinawa, ndipo kuwerenga sikutenga mphindi ziwiri. Ku England, kuyambira pa 10 June 2024, lamulo likuti mphaka aliyense woweta akhale nako asanakwanitse masabata 20, koma m'maiko ambiri zili kwa mwini wake, choncho kusapezeka kwake sikusonyeza kuti mphakayo alibe mwini.

Zomwe zimasokoneza ndi ziwiri. Kachipangizoka nthawi zina kamasuntha n'kutsikira paphewa kapena pachifuwa, ndiye pemphani kuti ayendetse makinawo pang'onopang'ono thupi lonse, osati pamsana pokha. Chachiwiri, nambala ikhoza kupezeka koma mwini wake anasintha foni osakonzetsa m'kaundula wa manambalawa. Zikatero musagwe ulesi: kaundula amasonyeza chipatala kapena malo omwe anabaya kachipangizoko, ndipo kumeneko mwina ali ndi njira ina yomupezera. Nambala ya foni ya mwiniyo a kuchipatalawo sangakupatseni, amaimba okha.

Chisale:

Ine ndikambe za thupi lake, chifukwa mphaka wowonda chotere akhoza kufa mwini wake asanapezeke.

Musanamutsekere m'chipinda, yang'anani kumimba. Ngati ndi wamkazi, mawere atatupa, ubweya wozungulira nsonga zake utaphwathalala, ndiye kuti akuyamwitsa ndipo ana ali penapake pafupi. Woteroyo osamutsekera, poti tiana ta masabata awiri oyamba timayamwa pa maola awiri kapena atatu alionse ndipo sitingadzifunditse tokha. Mutsatireni chapatali akamaliza kudya. Ngati sakuyamwitsa, mulowetseni ndithu, koma m'chipinda chayekha, chitseko chotseka, kwa masiku 14 kapena mpaka dokotala amuone. Asadyere mbale imodzi ndi wanu. Pali chimfine cha amphaka, utitiri, komanso matenda ofooketsa chitetezo cha m'thupi a FIV ndi FeLV omwe saoneka ndi maso. Pomwe pathothoka ubweyapo mwina ndi pongokanda chifukwa cha tizilombo ta m'khutu, koma pakhozanso kukhala chipere, chomwe chimapatsira ndi anthu omwe. Sambani m'manja mukamugwira, ndipo ana asamufungatire.

Chakudya ndiye muchenjere nacho kwambiri. Chifundo chimatiuza kuti tidzaze mbale, koma mphaka yemwe wakhala ndi njala nthawi yaitali akadya kwambiri kamodzin'kamodzi, michere ya m'magazi monga phosphate ndi potaziyamu imatsika mwadzidzidzi, n'kufooketsa mtima ndi minofu. Tsiku loyamba mupatseni gawo limodzi mwa magawo anayi a chakudya cha tsiku lonse, mutaligawa kanayi kapena kasanu, n'kumawonjezera pang'onopang'ono mpaka sabata. Chabwino ndi chakudya cha amphaka cha m'chitini. Chikasowa, nyama ya nkhuku yowiritsa yopanda mchere ndi mafupa ikhoza kugwirizira masiku ochepa. Mkaka wa ng'ombe ayi, amphaka ambiri akuluakulu umawatsekula m'mimba, ndipo uyu madzi m'thupi ndi ochepa kale. Chilichonse chothira anyezi kapena adyo chimawononga magazi awo. Madzi akumwa asachoke pambali pake; mphaka wa makilogalamu atatu amafuna mamililita pafupifupi 150 patsiku, kuwerengera ndi a m'chakudya. Tsinani khungu la pamapewa n'kulisiya. Likachedwa kubwerera, kapena usinini ukakhala wotuwa ndi wouma, kapena akakana kudya tsiku lathunthu, pitani naye kwa dokotala tsiku lomwelo.

Mankhwala a anthu musamupatse. Paracetamol amapha mphaka ngakhale kachidutswa ka piritsi, chifukwa chiwindi chake sichitha kuwaphwanya. Mankhwala a utitiri opangira agalu okhala ndi permethrin nawonso amamuchititsa kunjenjemera ndi kukomoka. Ndipo akakulumani kapena kukukandani mpaka magazi, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Simukudziwa ngati anabayidwa katemera wa chiwewe, komanso mano a mphaka ndi osongoka, amalowetsa tizilombo mkati bala n'kutsekeka pamwamba.

Nachisale:

Zikomo nonse. Ndi wamkazi, sakuyamwitsa, makutu ndi athunthu. Pepala wagona nalo masiku awiri popanda woimba, koma chithunzi nditaika pa gulu la WhatsApp la m'dera lathu, wina walemba kuti ndi wake. Ndingatsimikize bwanji? Komanso akukanabe kunyamulidwa, ndiye sindinathe kumulowetsa kapena kupita naye kokawerengetsa microchip.

Nangondo:

Musamuthamangitse, mukatero asamuka pakhondepo ndipo muyambiranso. Ikani khola lonyamulira amphaka pomwe amadyera, chitseko chotsekula, thaulo mutayala mkati. Lero mbale ikhale pakhomo pa kholalo, mawa pakati, mkuja kumapeto kwenikweni, nthawi yodyera osaisintha. Akalowa thupi lonse ndi mchira womwe, tsekani mwakachetechete n'kufunditsa kholalo ndi nsalu, chifukwa mdima umamukhazika mtima pansi. Katoni ya pepala amaiboola ndi zikhadabo, ndipo kumunyamula m'manja panjira n'kumutaya kachiwiri. Zikakanika, bwerekani msampha wa khola wosavulaza kwa osamalira nyama. Muziusuzumira ola lililonse, ndipo usakhale padzuwa kapena kugona panja usiku wonse wopanda woyang'anira.

Mbewe:

Pa za wodzitchula mwiniyo, mayi, umboni abweretse ndi iyeyo, inu musamuthandize kuyankha. Mufunseni kuti mphaka wake ndi wamwamuna kapena wamkazi, anasowa liti ndipo anasowera pati, ndiponso ali ndi chizindikiro chanji chomwe sichikuoneka pachithunzi mwaikacho, kaya ndi kaphazi koyera, dzino lothyoka kapena mchira wopindika kunsonga. N'chifukwa chake pa chithunzi cholengezera timabisa kanthu kamodzi dala. Atumize zithunzi zakale, makamaka zomwe mphakayo ali m'nyumba, ndipo mufananitse mpangidwe wa banga la pachifuwalo, osati mtundu wokha, poti amphaka akuda a mawanga oyera ndi ambirimbiri. Khadi la katemera nalonso ndi umboni. Microchip ikapezeka, nkhani yatha: nambala igwirizane ndi ya m'mapepala ake.

Musadalire kuti mphakayo athamangira mwini wake akamuitana. Mphaka wamantha amatha kumufuthukira ngakhale munthu yemwe wamulera zaka khumi, pomwe wokonda anthu amadzikhuza pa mwendo wa aliyense. Ngati mwiniyo angabwere, akhale pansi chapatali, alankhule motsitsa mawu, abweretse kansalu komwe mphakayo ankagonapo, ndipo mumupatse mphindi 15 kapena 20.

Malo abwino operekerana ndi kwa dokotala wa ziweto, chifukwa kuwerenga nambala, kuona pomwe pathothoka ubweya paja ndi kumuyeza kulemera zichitikira pamodzi. Muuzeni mwiniyo zomwe mphaka wakhala akudya ndi muyeso wake kuti asamudzazire mbale tsiku loyamba. Akafika kwawo asatuluke panja masabata awiri kapena atatu, makamaka ngati asamuka kumene, apo ayi abwerera pakhonde panu pomwe wazolowera kudya. Mayankho a munthuyo akapanda kugwirizana, mphaka asachoke m'manja mwanu. Matani zithunzi zosindikiza m'mphambano zapafupi, chithunzi chachikulu, mawu ochepa owerengeka munthu ali chapatali, ndipo siyani uthenga kuzipatala za ziweto ndi kumalo osungirako nyama, chifukwa wosowetsa mphaka amayambira kufunsa kumeneko.