Tsiku limodzi pa Camino de Santiago limakhala lotani?

Mlendo2027:
Moni abale. Mtima wanga wakhala ukulakalaka kuyenda Camino Francés, njira ya ulendo wachipembedzo ija yoyambira ku Saint-Jean-Pied-de-Port ku France mpaka ku Santiago de Compostela ku Spain komwe kuli manda a mtumwi Yakobo, makilomita pafupifupi 800. 2027 ndi Chaka Choyera poti 25 July, tsiku la chikondwerero cha Yakobo Woyera, idzakhala Lamulungu ndiye ndikufuna ndiyambiretu kukonzeka. Amene munayendapo tandiuzeni, tsiku limayenda bwanji kuyambira mmawa mpaka kugona? Nanga mpata wopemphera umapezeka kapena mutu umangokhala pa miyendo basi?

MayiWaKorona:
Achimwene mwaganiza bwino. Tsiku limayamba kudakali mdima, mu albergue (nyumba yogona amwendamnjira) mumangomva mapepala apulasitiki khwakhwakhwa anthu akulongedza ndi matochi, ndipo malo ambiri ikamakwana 8 koloko aliyense akhale atatuluka. Mukatuluka nkutsata mivi yachikasu ija yopentedwa pamiyala, pamakoma, pena pamtengo. Ambiri amayenda makilomita 20 mpaka 25, cholinga mufike dzuwa lisanafike poipa, mupeze bedi, musambe, muchape masokosi ndi kuyanika. 10 koloko usiku magetsi azima.

Za pemphero musade nkhawa. Ine korona ndinkayamba ndikangotuluka mmudzi, kunja kusanayere, mikanda kudzanja limodzi ndodo kudzanja linalo, ndipo Tikuoneni Maria amangogwirizana yekha ndi mapazi. Masana kukatentha mawu ankatha, ndinkangotchula maina a anthu omwe ndinawalonjeza kuti ndikawapempherera, mmodzimmodzi, kupuma, kenako wina. Midzi yambiri madzulo kumakhala Misa ndi dalitso la amwendamnjira, musamaphonye ngakhale mutatopa chotani.

Wamatuza:
Ine ndingotsindika za mapazi chifukwa ndi amene amabweza anthu panjira. Nsapato zatsopano ayi ndithu, muyambe kuziyendera miyezi ingapo musananyamuke. Mukangomva penapake pakuotcha imani pompo, vulani, matani pulasitala, musati ndikaona ndikafika, pofika limakhala thuza kale. Chikwama chisapose magawo 10 pa 100 a kulemera kwanu.

Komanso tsiku loyambalo musalitenge mopepuka, Saint-Jean kukafika Roncesvalles ndi makilomita ngati 25 koma mukukwera mapiri a Pyrenees mamita oposa 1,200. Ena amagona ku Orisson kuti aligawe pawiri. Ndipo ku Meseta, dera lalikulu lathyathyathya la ku Spain, kuchoka pa Carrión de los Condes pali makilomita 17 opanda mudzi mpaka Calzadilla de la Cueza, tungiranitu madzi okwanira.

Mlendo2027:
Zikomo kwambiri nonse. Amayi, za kutchula maina zija zandikhudza, ndiyamba kulemba mndandanda wanga. Nanga zidindo zomwe ndimamva kuti amadinda panjira nzofunikadi tsiku ndi tsiku?

MayiWaKorona:
Eya, credencial, kabuku kodindamo zidindozo, ndiye chiphaso chanu, popanda icho mu albergue za amwendamnjira sakulandirani. Amadinda kumatchalitchi, kogona, ngakhale malo omwera khofi. Makilomita 100 omaliza muzidinditsa kawiri pa tsiku kuti akakupatseni Compostela, chikalata chotsimikizira kuti mwatsiriza ulendowu. Kuyambira pa Sarria, tauni yomwe ambiri amayambirapo makilomita omalizawa, anthu amachuluka zedi ndiye phokoso limakula, pamenepo mpofunika kulawirira kwambiri ngati mukufuna ola lachete. Ndipo musaiwale kamwala kokasiya pa Cruz de Ferro, mtanda wachitsulo womwe amwendamnjira amasiyapo miyala, kang'ono ndithu poti mukanyamula masabata angapo musanafikepo.