Ophunzira akudzaza laibulale koma sakubwereka mabuku, kafukufuku ndimuyambire pati?

Wofunsa

Moni nonse a m'gulu muno. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumagwira ntchito m'malaibulale a mayunivesite ndi makoleji, komanso kwa aphunzitsi ndi ophunzira, poti nkhaniyi ikukukhudzani.

Ndimagwira ntchito mu laibulale ya pa koleji ina, ku gawo lothandiza owerenga. Kwa zaka zingapo tsopano chiwerengero cha mabuku obwerekedwa chakhala chikutsika, pomwe anthu olowa pakhomo akuchulukirachulukira. Nthawi ya mayeso mipando sikwana, ena amakhala pansi m'mbali mwa mashelefu. Koma pa desiki yofunsira mafunso pamangoti zii. Komiti ya bajeti yaona chiwerengero cha mabukucho, ndipo yatiuza kuti tibweretse umboni woti ndalama zogulira mabuku ndi zolipirira ma journal a pa intaneti zikupindulira ophunzira, apo ayi zina azichotsa.

Abwana andipatsa ntchito ya kafukufukuyu. Maganizo awo ndi oti tigawe mapepala a mafunso onga "kodi ndinu wokhutira ndi laibulale?", anthu achonge, ife tiwerenge n'kulemba lipoti. Mtima wanga ukukana. Ambiri adzachonga kuti ndi okhutira, kenako adzadandaula za intaneti ndi kuchepa kwa masoketi, zomwe tikuzidziwa kale. Lipotilo lidzalowa mu kabati ndipo ife tidzapitiriza kugwira ntchito monga kale. Ndikufuna kafukufuku wotiuza chimene tisinthe. Ndiyambire pati? Kodi n'zotheka kusonyeza kuti wophunzira wogwiritsa ntchito laibulale amakhoza bwino? Nanga LibQUAL+ imene ndimaimva ija, njira ya mafunso yoyezera ntchito za laibulale, ingatithandize?

Mayi wopuma pantchito ya laibulale

Achemwali, mtima wanu sukukunamizani. Koma musanasankhe njira, lembani chiganizo chimodzi papepala: yankho likabwera, tidzachita nalo chiyani? Kudziwa ma journal oti musiye kulipirira ndi kafukufuku wina, kudziwa chifukwa chake desiki ili zii ndi winanso. Mukaziunjika zonse m'pepala limodzi la mafunso, palibe chimene chidzayankhidwe mokwanira.

Za kubwerekazo zisakuopseni kwambiri. Ngakhale intaneti isanabwere, mabuku ambiri a m'mayunivesite sankatuluka pakhomo. Mu 1969 Richard Trueswell anasonyeza kuti pafupifupi 80 peresenti ya kubwereka konse imachokera pa 20 peresenti yokha ya mabuku. Kafukufuku wa ku University of Pittsburgh wofalitsidwa mu 1979 anapeza kuti mabuku pafupifupi 40 pa 100 aliwonse anali asanabwerekedwepo n'kamodzi komwe patatha zaka 6 chiwagulireni. Ndiye tsatani funso ili: ndi mabuku ati akutuluka, ndi ati akugona, ndipo ogonawo anawaitanitsa ndani? Ngati mumagwiritsa ntchito Koha, pulogalamu ya pa kompyuta yoyendetsera laibulale, kapena ina yotere, lipoti limeneli mungalitulutse osafunsa munthu aliyense. Ligaweni motsata manambala a pa shelefu, muone kuti za malamulo zikuyenda bwanji poyerekeza ndi za uinjiniya kapena za unamwino.

Chinanso, buku lowerengedwa patebulo silioneka m'chiwerengero cha kubwereka. Ikani zikwangwani zopempha ophunzira kuti asamabweze okha mabuku pa shelefu, ndipo inu musanawabwezeretse muzilemba manambala awo kapena kuwadutsitsa pa makina a barcode. Semesita ikamatha mudzakhala ndi chiwerengero chimene komitiyo sinachionepo. Zimathandizanso kuti mabuku asamasochere, paja buku loikidwa pa shelefu yolakwika palibe angalipeze.

Woyang'anira ma database mu laibulale ina

Ine ndiyankheko za ma journal. Ofalitsa akuluakulu ambiri amapereka malipoti a COUNTER, muyezo umene unayamba mu 2002 pofuna kuti ofalitsa onse aziwerenga mofanana. Lowani mu akaunti ya admin ya database iliyonse, mutsitse malipoti a chaka chonse. Muyang'ane Unique Item Requests, chifukwa pa Total Item Requests munthu amene watsegula nkhani pa sikirini kenako n'kuitsitsanso ngati PDF amawerengedwa kawiri. Mukatero gawani ndalama zimene mumalipira pa chaka ndi chiwerengerocho, mupeze kuti nkhani imodzi ikukudyerani zingati. Zoterezi a bajeti amazimva msanga.

Koma chonde musathamangire kudula database chifukwa chiwerengero chachepa. Ndinaonapo ina ikuoneka ngati yakufa, pomwe vuto linali loti sinkatseguka kunja kwa kampasi, ndipo ophunzira ambiri amawerenga usiku ali kumene amagona. Komanso mphunzitsi amatsitsa nkhani kamodzi n'kuiponya pa gulu la WhatsApp la kalasi yonse, pa lipoti n'kuoneka ngati wawerenga munthu mmodzi. Onaninso mbali ya access denied, imene imasonyeza zimene anthu anu anafuna koma anabwezedwa chifukwa simunalembetse. Mukhoza kupeza kuti zimene akufunazo ndi zina, zimene mukulipira ndi zina. Ngati dziko lanu lili pa mndandanda wa Research4Life, ndondomeko yopereka ma journal mwaulere kapena motchipa kwa mayiko osauka, fufuzani ngati zina mwa zimene mukulipira sizikupezeka kale mu Hinari ya zaumoyo kapena AGORA ya zaulimi, osaiwala DOAJ, kumene ma journal onse ndi owerenga mwaulere.

Wophunzira wa chaka chachitatu

Pepani akuluakulu, ndilowerereko ngakhale ndine wamng'ono. Mafunso timakhala nawo, ambirinso. Koma ukaona munthu maso ali pa kompyuta, umaganiza kuti umusokoneza. Umaopanso kufunsa chinthu chimene mwina aliyense akuchidziwa, anzako ali pambuyo pako akumva. Ambirife timaganiza kuti ntchito ya a pa desiki ndi kudinda mabuku ndi kuletsa phokoso. Sitidziwa kuti angatithandize kupeza nkhani za asainimenti kapena kulemba mareferensi. Anatiuza sabata yoyamba ija, inde, koma nthawi imeneyo mutu umakhala uli pa malo ogona ndi kulembetsa makosi, palibe chimalowa.

Za mabuku, amene aphunzitsi amatiuza kuti tiwerenge amakhala makope ochepa, kalasi yonse ikuwafuna sabata imodzi. Woyamba kulipeza amalijambula ndi foni, enafe timawerenga zithunzizo. Bukulo latithandiza tonse, koma kwa inu lalembedwa kamodzi, mwinanso osalembedwa n'komwe. Ndipo mukandipatsa pepala la mafunso ndidzachonga "wokhutira", chifukwa sindifuna kukhumudwitsa munthu.

Mphunzitsi wa maphunziro a za laibulale

Mayi wofunsa, zimene wanena wophunzirayu muzisunge bwino, ndi mtundu wa umboni umene mukuufuna. Mu 1986 Constance Mellon anasanthula zimene ophunzira pafupifupi 6,000 analemba okha za laibulale, ndipo pakati pa 75 ndi 85 peresenti anafotokoza kukumana kwawo koyamba ndi laibulale ndi mawu a mantha. Aliyense ankaganiza kuti iye yekha ndiye sadziwa, anzake onse akudziwa, ndipo kufunsa kungamuulule. Anazitcha library anxiety. Mellon sanagawe mapepala ochonga, anawerenga mawu a ophunzira eni ake, n'chifukwa chake anapeza zimene zinali zobisika.

Chitsanzo china chimene ndimachikonda ndi cha ku University of Rochester. Laibulale yakumeneko inalemba ntchito katswiri wa anthropology (maphunziro a chikhalidwe cha anthu), Nancy Fried Foster, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2007. Ankapatsa ophunzira makamera kuti ajambule malo amene amawerengera, ankawapatsa mapu a kampasi kuti alembe kumene ayenda tsiku lonse, ndipo ankacheza nawo za mmene analembera asainimenti kuyambira tsiku limene anaipatsidwa. Anapeza kuti ambiri amalemba usiku kwambiri, a laibulale ataweruka kalekale, komanso kuti ambiri amakambirana za asainimenti ndi makolo awo. Laibulaleyo inayamba kuika antchito mpaka usiku m'masabata otanganidwa, ndipo inayamba kukumana ndi makolo nthawi yolandira ophunzira atsopano. Kumbukirani kuti zimenezi ndi za ophunzira akumeneko. Anu akhoza kukhala osiyana kwambiri, choncho mutengeko njira yokha. Mafoni amene ali nawo kale akukwanira pa ntchito imeneyi.

Pa funso la kukhoza bwino, samalani. Cha m'ma 2011 University of Huddersfield ndi mayunivesite ena a ku UK anayerekeza ziwerengero za laibulale ndi magiredi a digiri. Anapeza kuti obwereka mabuku ambiri ndi ogwiritsa ntchito kwambiri zinthu za pa intaneti ankakhoza bwino, pomwe kungolowa pakhomo sikunasonyeze mgwirizano womveka. Koma eni kafukufukuyo ananena okha kuti sizikutanthauza kuti laibulale ndiyo inawakhozetsa. Mwina wophunzira wakhama amangochita zonse ziwiri. Mukalemba mu lipoti kuti "laibulale imakhozetsa", wina wodziwa masamu mu komitiyo adzakugwetsani, ndipo zina zonse zimene mwalemba zidzakayikiridwa. Komanso kuti muchite zimenezi muyenera kulumikiza mbiri ya kubwereka ya munthu ndi magiredi ake. Zimene munthu amawerenga ndi chinsinsi chake. Pamafunika chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, mayina ndi manambala a ophunzira achotsedwe musanayambe kusanthula.

LibQUAL+ inapangidwa ndi Association of Research Libraries pamodzi ndi Texas A&M University, ndipo malaibulale akhala akuigwiritsa ntchito molipira. Ili ndi mafunso 22 okhudza antchito, kupezeka kwa zowerenga ndi malo. Nzeru yake ndi yoti pa funso lililonse munthu amapereka manambala atatu, kuyambira 1 mpaka 9: zochepetsetsa zimene angavomereze, zimene akulakalaka, ndi zimene akuona kuti akulandira. Mpata wa pakati pa manambalawo ndi umene umalankhula. Imakuuzani pamene pakupweteka, koma chifukwa chake muyenera kukachifufuzabe pocheza ndi anthu.

Bambo wa ku ofesi ya zachuma pa koleji ina

Ine sindikugwirizana nazo zonse. Ndimakhala nawo m'misonkhano ya bajeti, ndipo kumeneko nthawi imachepa, aliyense akupempha ndalama. Zithunzi za ophunzira ndi mapu palibe adzaziyang'ane. Akufuna tsamba limodzi la manambala. Chinanso mayi, abwana anu anena kale njira yawo. Mukabwera ndi zanu mutawakana, ngakhale zikhale zabwino chotani, adzaziteteza ndani m'chipindamo?

Mayi wopuma pantchito ya laibulale

Bambo, pa za abwana mwanena zoona, ndipo achemwaliwa asapite kukakana. Apite ndi pepala la mafunso lomwelo, koma alifupikitse, ndipo apemphe kuti mafunsowo alembedwe atacheza kaye ndi ophunzira angapo. Akatero funso silidzakhala la kukhutira, lidzakhala loti "pamene munasowa buku la kalasi komaliza, munachita chiyani?" Yankho la funso lotere limawerengeka ndithu, ndipo limasonyeza choti muchite. Koma zoti komiti simva mawu a anthu, ndikukana. Ndinaonapo tsamba la manambala likudutsa popanda wofunsapo kanthu, kenako chiganizo chimodzi cha wophunzira wofotokoza kuti anasiya kufufuza chifukwa pasiwedi inkakana n'kuyambitsa zokambirana zenizeni. Tsamba limodzi, inde, manambala pamwamba, mawu awiri kapena atatu a ophunzira m'munsi mwake.

Wofunsa

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu a chaka chachitatu, mwandiuza zimene sindikanazimva nditakhala pa desiki. Ndaona kuti mafunso anga ndi awiri. La ndalama ndiliyankha ndi malipoti a COUNTER, lipoti la kubwereka ndi kuwerenga mabuku a patebulo, ndipo zimenezi ndiyamba msanga poti sizifuna chilolezo cha wina kupatula abwana. La desiki ndi mabuku a kalasi lifunika kucheza ndi anthu. Za magiredi ndazisiya kaye. Aphunzitsi, ndicheze ndi ophunzira angati, ndipo ndiwapeze bwanji? Komanso zinthu zazing'ono ngati izi munthu angazifalitse?

Mphunzitsi wa maphunziro a za laibulale

Pitirizani kucheza nawo mpaka muyambe kumva zomwezomwezo, osamvanso chatsopano. Chachikulu ndi kusakaniza: a chaka choyamba ndi omaliza, a maphunziro osiyanasiyana, ogonera pa kampasi ndi oyendera, ophunzira madzulo, ndi amene ali ndi ulumali. Musangotenga okhala mu laibulale, tulukani mukapeze amene sabwera n'komwe, chifukwa amenewo mapepala ogawidwa pakhomo panu sawafika. Musachezere pa desiki, ndipo ngati n'kotheka wofunsa akhale munthu amene sawalipiritsa chindapusa cha mabuku ochedwa, kuti amasuke. Aliyense auzidwe cholinga, avomere yekha, ndipo adziwe kuti dzina lake silidzatuluka. Afunseni za asainimenti yeniyeni imene angomaliza kumene, afotokoze zimene anachita kuyambira pachiyambi. Mukawafunsa zimene "amachita nthawi zonse" adzakuuzani zimene akuganiza kuti mukufuna kumva.

Kufalitsa n'kotheka. Journal ya Evidence Based Library and Information Practice, imene inayamba mu 2006 ndipo imasungidwa ku University of Alberta, ndi yowerenga mwaulere ndipo imalandira ntchito za anthu ogwira m'malaibulale. Werengani nkhani zingapo kumeneko muone kalembedwe kake. Ngati muli ndi maganizo amenewa, pemphani chilolezo cha komiti ya kafukufuku musanacheze ndi wophunzira woyamba, chifukwa makomiti ambiri sapereka chilolezo ntchito itachitika kale. Ndipo mukasintha chinthu, kaya ndi nthawi yophunzitsa kafufuzidwe kapena kuchuluka kwa makope a mabuku a kalasi, lembani ziwerengero za mmene zinalili musanasinthe, kuti semesita yotsatira mudzakhale ndi choyerekezera.