Kachotupa padzanja la mwana wanga, nditani?

NaPhiri:
Abale ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wamkazi wa zaka 7 watuluka kachotupa pamfundo ya dzanja, pomwe timavala wotchi paja, kukula ngati nzama. Sakudandaula kupweteka koma akasewera fulaye kapena walemba kwambiri kusukulu kamakula, m'mawa kamaphwerako. Miyezi iwiri tsopano. Apongozi akuti tikatemere mphini, bambo ake akuti tingokamenya ndi buku kaphulike. Ine tulo sindikupeza, mwana akagona ndimangokasisita, kodi si khansa imeneyi?

Make Chiko:
Pepani amwali, ine ndinadutsamo ndi mnyamata wanga. Kuchipatala a dokotala anatseka makatani nkuyika tochi pa kachotupako, kanawala ngati kabotolo ka madzi, akuti ndi ganglion cyst. Anati tingokasiya tizikaona. Ndinabwerera nditakhumudwa kuti ngakhale panado osandipatsa, koma chaka chisanathe kanatha kokha, ndinangozindikira tsiku lina ndikumudzoza mafuta kuti palibe.

Achimwene a ku Zomba:
Mayi, mmene mwafotokozeramu zikufanana ndi ganglion ndithu koma pitani akamuone kaye, pafoni sitingatsimikize. Ikakhala imeneyo si khansa ndipo sisanduka khansa. Ndi kathumba kotuluka pamfundo kapena pamtsempha woyendetsa zala, mkati muli madzi onanda ngati thelere, ndiye dzanja likagwira ntchito kwambiri madzi aja amachuluka, nchifukwa chake kamakula nkuphwa. Kwa ana zambiri zimatha zokha.

Za bukuzo ayi chonde, mukhoza kumupweteka fupa mwanayo ndipo kamabweranso. Mphini ndiye zoopsa zedi, kathumbako kamalumikizana ndi mfundo, lezala ikalowetsa tizilombo ndiye mafinya mpaka mkati, komanso kakakhala mbali ya chikhatho pamadutsa mtsempha waukulu wa magazi, uja a nesi amagwira pomva kugunda kwa mtima. Ana ang'onoang'ono kamakonda kutulukira mbali imeneyo.

Kuchipatala amatha kupopa madziwo ndi jakisoni koma nthawi zambiri amadzadzanso. Opaleshoni amapanga kakamapweteka kapena kakulepheretsa mwana kugwira pensulo, amachotsa ndi muzu womwe. Mukaona kalimba ngati fupa, kakukula msanga, pafiira nkumatentha, kapena zala zikuchita dzanzi, musadikire mawa.

Mwandida:
Yambirani kuchipatala cha boma, funsani kwa a mafupa. Ngati muli ku Blantyre kulinso Beit CURE, amaona ana a mavuto a mafupa ndi mfundo. Apongoziwo atengeni akamve okha, mukawauza inu adzati mukuderera.

NaPhiri:
Zikomo nonse, mtima wakhalako pansi. Ndayesa ndi tochi ya foni usiku uno kakuwaladi. Kali kumbuyo kwa dzanja osati kuchikhatho. Lolemba tilawirira kuchipatala, apongozi avomera kuti tipitira limodzi, lezala ija ndaibisa kaye.