Nyongolotsi za pulasitiki: tigule kapena tizingokumba?

WaKuSalima: Akuluakulu, Loweruka tikukawedza ku damu la Hartbeespoort ku South Africa. Wa m'shopu akundiumiriza paketi ya nyongolotsi za pulasitiki, akuti nsomba ija amati bass imazikonda. N'zoona kapena akungofuna ma rand anga?

AnkoloAKuBrits: Mphwanga, tenga khasu ukakumbe kuseri kwa nyumba. Zaulere, ndipo mlamba ndi carp sizikana. Nyambo n'kugulanso?

MlondaWaUsiku: Ankolo, bass si mlamba. Amabisala m'zitsa ndi pansi pa namasupuni, ndipo damu limenelo namasupuni ndi wosati masewera. Mukaponya mbedza yapoyera mungokoka zinyalala. Ya pulasitiki mumaimanga Texas rig: kamtovu kosongoka ngati chipolopolo patsogolo, kenako mbedza ya offset (yokhota pafupi ndi diso lake), saizi 3/0 kapena 4/0. Mumabaya nyongolotsiyo kumutu pang'ono, n'kutulutsa, n'kuikankhira mpaka pa diso la mbedza, n'kutembenuza, nsonga n'kuibisa m'thupi mwake. Imadutsa m'udzu osakodwa. Koma iwongoke bwinobwino, ikapindika imazungulira n'kupota ulusi.

AnkoloAKuBrits: Nsonga yobisa ikola bwanji nsomba?

MlondaWaUsiku: Pamenepo ndiye pali luso. Mumaikoka pang'onopang'ono pansi, kuima, kukokanso. Nthawi zina simumva n'kugogoda komwe, mumangoona ulusi ukuyenda cham'mbali. Kungani kaye, kenako tsikinyani mwamphamvu kuti nsonga iboole pulasitikiyo.

MlongoWaKuPretoria: Achimwene, mukubisa mbali ina. Popanda ndodo yolimba ndi reel (chokulungira ulusi) zimenezi sizitheka, ndiye paketiyo ndi chiyambi chabe cha kuwononga. Komanso ma Senko aja, nyongolotsi za pulasitiki za kampani ya Yamamoto, ali ndi mchere wambiri, ndi ofewa kwambiri. Mukawabaya pakati, ija amati wacky, nsomba ziwiri zokha yang'ambika.

MlondaWaUsiku: Pa Senko mwanena zoona, achemwali. Ivekeni kamphira ka O-ring pakati, mbedza idutse pansi pa kamphirako, imakhalitsako. Ikang'ambika kumutu, dulani pang'ono mubayenso. Zotha ntchito muike m'thumba, osataya m'madzi.

WaKuSalima: Ndodo ndi reel ndili nazo, anandipatsa abwana. Nanga nyongolotsizo ndigule za mtundu wanji?

MlondaWaUsiku: Paketi imodzi basi. Madzi akakhala oyera, zobiriwirako zija amati watermelon kapena green pumpkin. Akuda ngati a ku Harties (Hartbeespoort), zapepo wodera zija amati junebug.

AnkoloAKuBrits: Ndiye mukagwira n'kuibwezanso m'madzi ngati azungu aja?

MlongoWaKuPretoria: Madzi obiriwira aja, ankolo, ine nsomba yake sindingaike pamoto.

WaKuSalima: Ndigula junebug imodzi. Ankolo, chitini chanu cha nyongolotsi mubweretsebe.