Funso: Peugeot 504 yopanda eyakoni, ndiiziziritse bwanji pa maulendo a ku Chikwawa?

Akuluakulu a m'gulu lino, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Peugeot 504 ya petulo imene anandisiyira malemu bambo anga. Injini ndi ija ya 2 litre ya kabuleta, ili bwinobwino, siimwa oilo. Vuto ndi kutentha mkati. Galimotoyi inabwera yopanda eyakoni, ndipo kuno ku Blantyre sindinkadandaula, kungotsitsa magalasi basi. Koma pano ntchito ikumanditsitsira ku Chikwawa ndi ku Nchalo pafupipafupi, ndipo mukudziwa nokha mmene kumakhalira kumeneko mu Okutobala. Ukangotsika pa Thabwa, mphepo yolowa pawindo imakhala yamoto. Mipando ndi ya pulasitiki yakuda ija, malaya amamatirira kumsana, phazi la kumanja limachita kupsa mkati mwa nsapato. Mayi akunyumba anena kale kuti iwo ndi ana azikwera minibasi.

Zoti ndiigulitse musandiuze, sindingatero. Funso langa ndi ili: kuika eyakoni ya pansi pa dashibodi nkotheka osapha injini? Nanga timakina ta madzi tolumikiza pa choyatsira ndudu timene akutsatsa pa Facebook, alipo anatiyesapo?

Wa ku Nchalo: Achimwene, timakina ta madzito ndalama zanu zingopita. Timaziziritsa pouma madzi, ndiye timafuna mpweya wouma. Mu Okutobala mwina mungamveko kamphepo pankhope. Ikangogwa mvula, Disembala ndi Januwale, kuno kumakhala chitungu, mpweya wadzaza kale chinyontho, kamakinako kamangokuonjezerani thukuta. Ndiye mukatseka magalasi kuti kagwire ntchito, mkati monse mumanyowa.

Makaniki wa ku Ndirande: Bwana, ndayamba ndaima pa mawu anu akuti phazi limapsa. Pamenepo ndi pamene pali nkhani. Tisanakambe za eyakoni, tsegulani boneti muone mapaipi awiri a madzi amene amalowa kukhoma la pakati pa injini ndi inu. Amenewo amapita ku hita. Pa galimoto zakale chonchi vavu yotseka madziwo imakhala inafa kalekale, ndiye madzi otentha a mu injini amangozungulira pansi pa dashibodi usana onse, inu mukuganiza kuti hita ndi yozimitsa. Injini ikatentha gwirani mapaipiwo. Onse awiri akamaotcha, ndiye kuti mukuyenda ndi mbaula pamaondo. Lumikizani mapaipiwo okhaokha kunja kuti madzi asalowenso mkati, ndi ntchito ya kapaipi kamodzi ndi makilampu awiri.

Mukatero chotsani kapeti. Mupeza mabowo amene timalabala take tinagwa, pomwe pamadutsa mawaya ndi kebulo, komanso labala wa pa giya atang'ambika. Mpweya wa ku injini umalowera mmenemo, nthawi zina ndi utsi womwe, ndipo utsi umenewo ndi woopsa kuposa kutenthako. Tsekani zonsezo, yalani chotchinga kutentha chija chonyezimira mbali imodzi, kenako feliti, kenako kapeti. Pansi pa galimoto onaninso ngati kachitsulo kotchinga pakati pa ekizozi ndi thupi kalipo. Anyamata ambiri akamaotcherera ekizozi amakachotsa nkukataya.

Wofunsa: Amakaniki mwandilasa. Ndatuluka panja pompano ndaona, mapaipi onse awiri alipo ndipo labala wa pa giya ndi wong'ambika ndithu, ndikuona msewu. Koma zimenezi zingakwanire pa 40 digiri za ku Ngabu?

Makaniki wa ku Ndirande: Sizingakuzizireni ngati mu banki, ayi. Koma eyakoni mukaika pa galimoto yolowa moto pansi, imangolimbana ndi moto umenewo ndipo mudzati wokuikirani anakuberani. Yambani ndi zotchipazi.

Ndili ku Joni: Inu musamuopseze munthu. Kuno ku Johannesburg galimoto zakale zambiri anaziika eyakoni ndipo zikuyenda. Zofunika ndi kompresa, ambiri amaika ya Sanden, kondensa ya kutsogolo kwa radiyeta, kabotolo koumitsa gasi, mapaipi, ndi bokosi la pansi pa dashibodi lokhala ndi fani yake. Gasi ndi R134a. Wina akakuuzani kuti ali ndi R12 yakale ija muthaweni, inaletsedwa potsatira pangano la ku Montreal la 1987, ndipo simudziwa chimene chili m'botolo lakelo. Chovuta pa 504 ndi bulaketi yomangirapo kompresa ndi pulley ya lamba wachiwiri. Zimenezo amachita kupanga. Bulaketi ikapendekeka pang'ono pokha, lamba azingoduka kapena kulira.

Makaniki wa ku Ndirande: A ku Joni, zonse mwanenazo ndi zoona, koma mwaiwala phiri. Kutsika si vuto. Pobwerera, kuchokera pa mlatho wa Kamuzu kukwera Thabwa yense mpaka pamwamba, munthu amakhala pa giya yachiwiri kapena yachitatu, mwina kumbuyo kwa thiraki ya shuga yomwe ikukwawa. Mphepo yakutsogolo imakhala yochepa, injini ikugwira ntchito yaikulu. Tsono muike kondensa yotentha kutsogolo kwa radiyeta yomwe yakhala zaka makumi angapo ikumwa madzi a pa mjigo, kompresa nayonso ikudya mphamvu. Singano ya kutentha kwa injini ikwera mukuiona. Ndakonzapo magasiketi a galimoto zotere, sindikulota. Ngati bwanawa akufunadi eyakoni, ayambe apititsa radiyeta kuti akaitsegule nkuichapa, kapena kuikamo pakati patsopano pa mizere itatu, aone thermostat ndi pampu ya madzi, aonjezere fani ya magetsi kutsogolo. Ndipo 504 ili ndi fani yakeyake yomwe imagwira ndi maginito injini ikatentha. Aonetsetse kuti ikugwiradi, chifukwa zambiri zimangozungulira mwaulesi mwini wake osadziwa. Ngakhale zonsezo zitatheka, pa phiri azizimitsa eyakoni.

Mnyamata wa za magetsi: Pali ma eyakoni a magetsi okhaokha masiku ano, kompresa yake siifuna lamba. Palibe za bulaketi kapena pulley.

Ndili ku Joni: Mphwanga, amenewo amakoka ma amp ochuluka kuposa amene alitaneta yakale ya 504 ingapereke, nyali ndi fani zisanayake nkomwe. Asinthe alitaneta aike yaikulu, mawaya onenepa ndi fyuzi yoyenera, apo ayi adzagona pa Dyeratu batire itafa. Ndiye bulaketi yomwe mukuithawayo mukaipezanso pa alitaneta.

Agogo oyendetsa Land Rover: Ana inu mwathamangira makina. Ife tayenda Chigwa cha Shire chonse mpaka ku Nsanje pa Land Rover yopanda chilichonse. Inali ndi denga la pawiri, lapamwamba kulandira dzuwa, mphepo nkumadutsa pakati, ndi timazenera tiwiri pansi pa galasi lakutsogolo. Pa 504 denga lachiwiri silingaoneke bwino, koma nzeru yake mutha kuibera. Ngati galimoto yanu ndi ya mtundu wakuda kapena wobiriwira, pentani denga lokha loyera, ndipo nsalu ya kudenga mukaitsitsa ikanimo chotchinga kutentha. Pampando yalani mikanda ya matabwa ija ya amataxi, msana uzipuma. Mukaimika, tchingani galasi lakutsogolo ndipo musiye magalasi otsika pang'ono. Komanso nyamukani m'mamawa, mwana wanga. Masana dzuwa likuswa mtengo, ngakhale ng'ombe za ku Ngabu zimakhala pamthunzi.

Mayi wa ku Area 25: Ine ndingoonjezera za tinti. Musapusitsidwe ndi kuda. Yakuda yotchipa ija imangokuchititsani mdima usiku, imatuwa, ndipo a traffic azikuimitsani. Ilipo ya ceramic yooneka yoyera koma yotchinga kutentha, yokwera mtengo ndithu. Koma tinti imathandiza magalasi akakhala otseka. Ngati muziyenda mutatsitsa, ikani kugalasi lakumbuyo kokha kumene kumakhala ana. Ndipo mayi akunyumbawo musawatsutse, mwana wamng'ono m'galimoto yotentha chonchi safuna masewera. Madzi akumwa azikhala ambiri.

Wofunsa: Zikomo nonse. Loweruka ndiyamba ndi hita, malabala ndi pansi, radiyeta ndiipititsenso akaichape. Za denga loyera agogo mundikhululukire, bambo anaisiya ya buluu, ikhala ya buluu, ndingoika chotchinga mkati. Eyakoni ndidikira ndione kaye singano ikuchita bwanji pa Thabwa radiyeta ikachapidwa. A ku Joni, bokosi la pansi pa dashibodilo limatenga malo aakulu bwanji? Mayi akunyumba ndi aatali, ndikuopa maondo.

Ndili ku Joni: Yezani kuchokera pa giya kufika kuchitseko, ndi kuchokera pansi pa dashibodi kutsika, mutumize miyeso pompano. Mabokosiwo alipo aatali ndi aafupi, tiona lomwe lingalowe.